Anakana Kugwada Pansi pa Phiko

Panali munthu wina amene anayendetsa mabasi zaka khumi ndi zisanu, kenako anayamba kuphunzira kuulutsa tindege ting'onoting'ono. Mutu wake unkagwira msanga. Pasukulupo ankangomutcha Adalaivala.

Mphunzitsi wake anali mayi wosachulutsa mawu. Anam'patsa khadi lolembedwa zonse zoyenera kuyang'ana asananyamuke: matayala, oyilo, mapiko, mafuta. Lamulo lake linali loti chala chiziyenda pa mzere uliwonse, ngakhale utaloweza. Mzere wina unkanena zogwada pansi pa phiko, kutsegula kampopi ka thanki, n'kudonthezera mafuta pang'ono m'kabotolo. Madzi akalowa m'thanki amakhala pansi, ndiye amayamba kutuluka ndi omwewo.

Tsiku lina m'mawa, mvula itagwa masiku awiri, inakwana nthawi yoti bamboyo auluke yekha kachitatu. Anabwera ndi mkazi wake ndi mlamu wake kuti adzaonerere. Anali atavala malaya oyera ndi buluku lositidwa bwino.

Mphunzitsi anaitanidwa kuofesi. Pochoka anati, "Ndegeyi yagona panja. Muyendere zonse, makamaka mafuta. Ndikhala pa wailesi."

Bamboyo anatulutsa khadi lija. Mlamu wake, ali kuseri kwa mpanda wa waya, anaseka.

"Alamu, mpaka kapepala? Basi ija munkaiyendetsanso mukuwerenga?"

Manyazi anamugwira. Anayang'ana pansi pa phiko, panali chithaphwi ndi matope. Anayang'ana buluku lake. Khadi analibwezera m'thumba, n'kuzungulira ndege kamodzi akuimenya mapama ngati ng'ombe ya pamsika, basi n'kukwera.

Wailesi inalankhula. "Mwayendera zonse?"

"Zonse, aphunzitsi."

"Mafuta mwaona m'kabotolo?"

"Ali bwinobwino."

Injini inalira bwino ndithu. Ndege inathamanga, n'kudzuka. Itangodutsa nsonga za mitengo ya kumapeto kwa bwalo, injini inatsokomola kawiri. Kachitatu inangoti zii.

Anamva mphepo yokha.

"Aphunzitsi, yazima."

"Ndakuonani. Tsitsani mphuno ya ndege."

"Ndibwerere pabwalo."

"Musakhote. Muli pansi kwambiri, mukakhota mugwa ngati mwala. Patsogolo panu pali chiyani?"

"Nyumba. Kumanja kuli munda wolimidwa."

"Pitani kumundako. Tsekani mafuta. Tsegulani loko wa chitseko."

Kumpanda kuja mkazi wake anaona ndege ikutsika mwakachetechete mpaka kubisika ndi mitengo. Anagwira waya ndi manja onse awiri.

"Achimwene, bwanji sikumveka?"

Mlamu uja anangoti maso tong'o kumitengo kuja.

Ndege inadutsa pamwamba pa denga la nyumba yomaliza, pafupi moti mayi amene ankayanika zovala anadziponya pansi. Matayala anagunda dothi lonyowa n'kutitimira. Ndege inabayira mphuno pansi, n'kugadabuzika chagada.

Anthu anam'peza ali lende pa malamba, mutu pansi, magazi ali chuchuchu pachipumi. Mwendo wakumanzere unali utathyoka pawiri. Koma anali moyo.

Patapita masiku atatu mphunzitsi anapita kuchipatala. Anapereka moni kwa mkazi wa bamboyo, n'kutulutsa foni. Pachithunzi panali botolo limene amakaniko anathiramo zimene anapeza mu injini: pamwamba timafuta pang'ono, pansi ponse madzi okhaokha.

"Labala wa chivindikiro cha thanki anali atatha, mvula inalowa," anatero mphunzitsi. "Limenelo ndi vuto lathu, ndipo tiyankhapo. Koma kugwada kukanakutengerani mphindi ziwiri."

Bamboyo anayang'ana kukhoma. Kenako anafunsa chapansipansi, "Mwendowu ukapola, ndingadzabwererenso?"

"Kuiwala timakhululuka, aliyense amaiwala. Koma ine ndinakufunsani kawiri, inu n'kundiyankha kawiri. Ndingakupatseninso bwanji ndege, mawa mudzanyamule ana a eni?"

Mphunzitsi anatsanzika n'kutuluka. Mkazi wa bamboyo anangomukonzera pilo mwamuna wake, n'kukakhala pampando wa kutali ndi bedi.

Phunziro: Malamulo a ntchito analembedwa ndi anthu amene anaona anzawo akufa, choncho musawadumphe chifukwa choti mwazolowera kapena wina akukusekani. Wosekayo amatsala pansi, m'mwamba mumapita nokha. Ndipo akakufunsani ngati mwachita, nenani zoona nthawi ikadalipo. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene amagwira ntchito yonyamula miyoyo ya anthu.