Bulu Wathu Anasankha Yekha

Masiku ano chiphaso cha ngolo sichituluka ndi mapepala okha. A khonsolo amamasula bulu pabwalo, mwini wake n'kuima chapatali, m'manja mulibe kanthu. Bulu akapanda kubwera kwa iye, ngolo imaima chaka chonse. Ife timadyera ngoloyo, ndiye sabata yathunthu amuna anga ankayeserera kuseri kwa khola, kunyengerera bulu wathu Dekhani ndi mawu okoma amene ine sanandiitanepo nawo.

Tsikulo ndinapita nawo, mwana kumsana. Mayi Kachingwe a kukhonsolo anayang'ana ziboda ndi pakhosi pomwe pamakhula goli, kenako anamasula chingwe.

"Dekhani, bwera kuno, bwanawe!" anaitana amuna anga.

Buluyo anawadutsa ngati chitsa, n'kukaima pamthunzi pomwe panakhala apongozi anga, amayi awo. Iwowa ndiwo amamuchotsa nkhupakupa ndi kumumwetsa madzi m'mawa uliwonse. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine osaseka, ndikuganiza zoti mwana adya chiyani.

"Ndiye kuti talephera?" anafunsa amuna anga.

"Lamulo likuti abwere kwa mwini wake," anatero Mayi Kachingwe. "Wabweratu. Amayi, dzina lanu ndani?"

Analemba chiphaso m'dzina la a Nangondo, nkhope ili gwa. Mayi ameneyo ntchito amaidziwa.

Pobwerera apongozi anakhala kutsogolo kwa ngolo.

"Iwe Fanuwelo," anatero, "tikafika pachitunda paja utsike, uzikankha. Bulu wangayu asatope. Ukakana ndilemba ntchito wina."

Amuna anga anatsika chitunda chisanafike n'komwe.