Wodya Bakuli la Mnzake

Alufeyo anali atayamba kale kunyambita chivundikiro cha bakuli. Ankayambira m'mbali, lilime n'kumazungulira mpaka pakati, akatero n'kupukutira zala kunsi kwa tebulo la kampani. Mackson anatembenuzira mpando wake kuzenera, koma makutu alibe chitseko. Katafunidwe ka munthu ameneyu kankamveka mwina mpaka kufakitale ya tiyi.

Chowawa n'chakuti bakulilo linali la Mackson.

Miyezi itatu m'mbuyomo, mu Meyi 1956, dokotala wa pa esiteti anamugogoda pamimba n'kumuuza mosapsatira kuti mtima wake ukusambira m'mafuta. Zaka zisanu ndi zitatu za pampando wa ukalaliki zinali zitamufufumitsa. Tsono Mackson ankaphunzira sukulu ya pakalata ya ku Joni, mtima uli pa ntchito ya boma ku Zomba, ndipo kumeneko sankalemba munthu wopanda chikalata cha dokotala. Dokotalayo anati sadzasaina mpaka lamba atalowa mabowo atatu.

Mackson atauza mkazi wake Rosie, mayiyo analira ngati pagwa maliro. Mwamuna woonda ndi manyazi a mkazi, anatero, nanga amayi anzake kumtsinje adzati chiyani? Mackson sanabwerezenso nkhaniyo. M'mawa uliwonse ankamangirira bakuli panjinga, muli mpunga, nandolo ndi nyama ya nkhumba yoyandama m'mafuta, n'kukalipereka kwa kalaliki mnzake Alufeyo, batchala wosadziwa ngakhale kuphika mbatata. Iye mwini ankadya nanazi ndi nthochi ziwiri, tiyi wopanda shuga, buku la masamu lili pamiyendo. Madzulo ankabweza bakuli loyera ngati latsukidwa ndi phulusa, n'kulowa m'mabuku. Rosie akamulankhula, yankho linali la m'mphuno.

Lamba anali atalowa mabowo awiri. Koma kuonerera Alufeyo akudya chinali chilango chimene dokotala sanatchule. Alufeyoyo ankapisa dzanja lonse, msuzi n'kumatsika mpaka m'chigongono. Ankageya, n'kuyamikira kuti ndiwo za alamu masiku ano zili ndi kakomedwe kena. Tsiku lina anazula m'mano kafupa kowonda ngati singano, n'kukayang'anitsitsa, n'kukabwezera m'kamwa. Mackson anathamangira panja, nanazi yense wa tsikulo n'kuthera m'ngalande.

Kenako zinayamba zina. Alufeyo, munthu amene kale sankadziwa n'komwe dzina la Rosie, anayamba kufunsa m'mawa uliwonse kuti alamu adzuka bwanji. Lamulungu lina Mackson pochokera kutchalitchi anamupeza pakhonde la nyumba yake, atatsamira khoma, wopanda chimene wadzera. Anakhala mpaka dzuwa kupendeka. Lamulungu lotsatira anabwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu, mwamuna wamkulu, kalaliki wovala tayi! Pakhondepo Mackson ankasowa nkhani, mpaka kudandaula za mphaka wa aneba amene ankangodula abuluzi michira osawadya. Alufeyo sankamva n'komwe, maso ali kukhitchini.

Nayenso Rosie anali atasintha. Ankadzuka m'bandakucha kuphika, chitseko cha khitchini chili chotseka. Madzulo asanapereke ngakhale moni ankayamba watsegula bakuli, n'kufunsa ngati zonse zadyedwa, msuzi womwe. Akaona mbee, ankamwetulira yekha.

Mackson sanali mwana. Munthu wokhoza masamu a ku Joni sangalephere samu ya anthu awiri. Rosie ankadziwa amene akudya bakulilo. Ankaphikira chibwenzi chake, ndipo iye, mwamuna wa ukwati wa mtchalitchi, ndiye anali mtengatenga wopalasa njinga. Akaganiza kuti kamwa lonyambita zivundikiro lija ndi limene mkazi wake wasankha, ankakankhira nanazi wake kutali. Zinamunyansa kuposa mmene zinamupwetekera.

Masana amenewo, Alufeyo akunyambita chivundikiro chija, kalata ya Mackson inali kale m'makina otayipira. Inali yopita kwa amalume a Rosie ku Limbuli, ankhoswe a banjalo, yowapempha kuti abwere Loweruka adzatenge mwana wawo. Panangotsala kusaina.

Pachitseko panamveka odi wa munthu wamkazi. Anali Rosie, atavala chilundu chake cha kutchalitchi, m'manja muli kambale kovundikira. Chikwatiwire anali asanapondepo mu ofesimo. Anati abambo aiwala msuzi patebulo, ndiye anaona kuti awabweretsere usanazizire.

Wabwera kudzaona wake, anaganiza Mackson, nagwira cholembera.

Koma Rosie anaima chilili pakhomo. Anayang'ana makoko a nanazi patebulo la mwamuna wake. Anayang'ana chivundikiro chimene chinali m'manja mwa Alufeyo, chonyowa ndi malovu.

"Abambo, bakuli lija amadya ndi awa?"

"Mukufunsa ngati simukudziwa," anatero Mackson.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira Meyi. Tsiku ndi tsiku."

Kambale kaja kanagwa, msuzi n'kuyenderera pasimenti. Rosie anakhala pansi pomwepo, manja ali kumutu.

"Mayo ine, mabuku anandilanda mwamuna, ndiye asing'anga anati ndizikuthirani m'ndiwo kuti mukakamire pakhomo panga ngati buluzi pakhoma. Michira makumi anayi, abambo, ndi madzi anga osamba omwe."

Alufeyo, mafuta ali chuchuchu pachibwano, anatsamira khoma akumwetulira, n'kufunsa ngati nkhuni zija zatha.