Benchi ya kwa wometa

"Pabenchi iyi pamakhala anthu angati?" anafunsa bwana wa kukhonsolo, cholembera chili m'manja.

"Anayi, akapanikizana asanu," anayankha wometa tsitsi. "Komatu sameta amenewo, bwana, onse ndi a dazi. Amangobwera kudzandichezetsa chimwalirireni mayi a kunyumba."

"Lamulo silifunsa za dazi, madala. Malo alionse okhalapo munthu muwalipirire inshuwalansi. Nanga benchiyi itathyoka, munthu n'kuvulala?"

Wometayo atamva mtengo wa malo asanuwo anaona kuti sangakwanitse. Tsiku lomwelo anatulutsa benchi ija n'kukaitsamiritsa kuseri.

Anzake aja anayesa kucheza choimirira pakhomo, koma mawondo a nkhalamba sachedwa kudandaula. Sabata isanathe analeka kubwera.

Patapita mwezi bwana uja anabweranso, n'kupeza wometayo akusesa pansi poyera kale. Bwanayo anamata chiphaso pambali pa galasi.

"Mwaona? Tsopano muno palibe angavulale."

"Palibedi," anatero wometayo. "Takhalani pang'ono, bwana, ticheze."

Bwanayo anaunguza pokhala, n'kuona mpando wometerapo wokha. Anasisita mutu wake.

"Ndinameta dzulo, madala," anatero uku akutuluka.