Chikwama cha mlamu wometa

"Mlamu, mwandipha," anatero wometa tsitsi akulowa mu ofesi ya mtolankhani, chikwama chakuda chili paphewa.

Mtolankhaniyo anadziwa chimene mlamu wake wabwerera. Sabata yatha analemba munyuzipepala za filimu ya zigawenga, momwe mlamu wakeyu anasewera ngati bambo wofatsa wobisa bomba m'chikwama. Anamuyamikira kuti wasewera bwino mochititsa nthumanzi, kenako anaponyapo kanthabwala: "Mukamuona atanyamula chikwama, liyatseni liwiro."

"Inetu ndimangocheza, mlamu."

"Kucheza? Mpando wanga wachita fumbi, makasitomala akumetetsa kwina. Dzulo mwana wanga anamuimitsa pageti ya sukulu, ati ayambe watsegula chikwama."

Mtolankhani anagwetsa nkhope. Mwanayo ndi wa mchemwali wake, amamuitana kuti malume.

"Ndilemba chopepesa."

"Chopepesa amawerenga ndani? Tiyeni panja ndikumeteni. Anthu aone kuti munthu akhoza kukhala pampando wanga n'kudzukapo wamoyo."

Anatulutsa mpando pakhonde, mtolankhani n'kukhalapo ngati wogwidwa ndi mbuzi yakuba. Odutsa mumsewu anayamba kuima, ena mafoni ali m'mwamba kujambula.

Wometa anatula chikwama pansi, n'kukoka zipi. Mufilimu muja, zipi ikangolira chonchi, chotsatira chinali kuphulika kwa bomba. Mtolankhani anangozindikira ali kuseri kwa galimoto, manja ali kumutu. Anthu onse balala!

Wometa anatsala yekha, makina ometera ali m'manja.

"Komatu mlamu," anatero motsitsa mawu, "chikwamachi munandigulira ndinu."