Maliro Aima Pageti

Galimoto yonyamula maliro a ba Amock sinalunjike kumanda. Itachoka ku Kabwata, inakaima pageti la kampani imene malemuwo anakalambirako. Anzawo opuma ntchito, amene ankabwera nawo kuno Lolemba lililonse kudzafunsa za penshoni, anatsika n'kuvula zipewa.

Ba Winifred, mkazi wa malemuwo, sanalire. Anaona makatani a maofesi am'mwamba akutsekedwa, kenako anagogoda pageti.

"Tabwela nawo," anauza mlonda. "Paja munati penshoni amasainila mwini wake, osati mkazi."

Mlondayo anayang'ana bokosi, nayenso n'kuvula chipewa. Koma pakamwa pake panatuluka zomwe panazolowera.

"Ba bosi kulibe, amai. Mubwele mawa."