Dengu Langa Linatuluka Lonse

"Azakhali, mayi awa akupempha kuti akujambuleni mukuluka dengu," anatero mwana wa mchimwene wanga, thukuta lili kamukamu. Linali tsiku lake loyamba kuperekeza alendo odzaona malo, abwana ake ali pambuyo. "Chonde, musandichotsetse ntchito."

"Poti apempha, ndi munthu," ndinayankha. "Koma nkhope yangayi yatopa. Aluke iwowo, ndijambule ine."

Mwanayo anagwira kumutu. Mayi aja anavula nsapato, nakhala pamphasa, mlaza n'kuwabaya chala. Ine foni yawo m'manja, ndinatsinzina diso limodzi n'kudina.

Mayi aja ataona chithunzicho anaseka mpaka misozi, abwana nawonso. Mutu wa mlendo ndinali nditaudula, koma dengu langa linatuluka lonse.

Mayiwo anagula lomwelo, losatha, ati akamalizira kwawo. Mwana uja m'pamene anayamba kupuma.