Kalata Yobwerera pa Chiwongolero

"Tambasulani manja onse awiri, bambo. Tsinzinani."

Bamboyo anatambasula manja, natsinzina. Anthu asanu ndi awiri ovala makoti oyera anaweramira manjawo ngati akusankha kaunjika. Dokotala weniweni anali mmodzi yekha, mayi Constance Kaliwo, katswiri wa matenda a ubongo. Enawo anali ophunzira a kusukulu ya udokotala, amene chipatala chachikuluchi chimawasinthasintha mwezi ndi mwezi. Ukabwera kuno kanayi, umafotokoza matenda ako kwa nkhope zinayi. Amene amakudziwa bwino si munthu ayi, koma kabuku kako ka kuchipatala.

Kabukuko kanali patebulo. Wahab Mponda wa ku Naperi, dalaivala wa thiraki. Sitiroko inamugwetsa miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, dzanja lamanja n'kufooka. Pakati pa masamba panali pepala lochokera kukampani: ngati pofika Lachisanu palibe kalata ya dokotala yonena kuti wachira, thiraki ipatsidwa wina. Tsikuli linali Lachitatu. Kunyumba kunali ana asanu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali atasiya kudya.

Manja aja anangoti nji, osagwedera. Dokotala anauza wophunzira wina, Fabiano, kuti apereke zala zake ziwiri.

"Finyani ndi dzanja lodwalalo. Musamumvere chisoni."

Bamboyo anafinya mpaka Fabiano anaimirira ndi mwendo umodzi. Anzake anafa nacho chiseko.

"Mwaona?" anatero dokotala, nkhope ili ngwee. "Ndi zimene mafizo, masewera olimbitsa thupi aja, amachita munthu akamamvera malangizo. Dzanja ili linali lakufa. Lembani."

Analemba. Ophunzira amalemba chilichonse, ngakhale dokotala atangotsokomola.

Anamuyendetsa pamzere, chidendene kutsogolo kwa chala. Anamugogoda mawondo ndi kanyundo kalabala. Anamutulutsitsa lilime. Zonse anakhoza, ndipo mtima wake, umene unali m'mwamba chilowereni m'chipindamo, unayamba kukhala pansi. Dokotala anali atakoka kale pepala loyera, chidindo chili pambali.

Apa m'pamene Fabiano, pofuna kubweza ulemu umene unatayika ndi zala zija, anakweza mkono.

"Adokotala, maso sitinawaone."

Dokotala anamulola. Fabiano anakhala moyang'anizana ndi bamboyo.

"Yang'anani mphuno yangayi, osatembenuza maso. Mukaona chala changa chikugwedera, nenani."

Chala chinatulukira kumanja. "Ndachiona." Chinatulukiranso m'munsi. "Icho."

Kenako bamboyo anadikira. Anadikirabe, mpaka anayamba kunyansidwa ndi mwana wozengereza ameneyu. Sanadziwe chifukwa chake m'chipinda monse munangoti zii. Chala cha Fabiano chinali chikuvina kumanzere kwake, pafupi penipeni ndi tsaya, ndipo aliyense ankachiona kupatula mwini tsayalo.

Dokotala anaika cholembera pansi. Anabwereza yekha ndi kachivindikiro kofiira, diso limodzi, kenako linzake. Kumanzere kunalibe kanthu.

"Bambo Mponda, mumagundagunda zinthu mbali ya kumanzereyi?"

"Ayi, adokotala."

Koma phewa lake linkadziwa bwino felemu ya chitseko cha kunyumba, imene iye ankati kalipentala anaikhoma mokhota. Anakumbukiranso galasi la kumanzere la galimoto, limene analisintha kawiri akutukwana akabaza a pa Ginnery Corner kuti amangotulukira ngati afiti. Mantha enieni anamugwira, thukuta kumsana kuti chuchuchu.

"Izi sizikuchokera ku sitiroko yakale ija," anatero dokotala atamuyeza kuthamanga kwa magazi n'kupukusa mutu. "Ijayi inagunda mbali imodzi ya ubongo. Iyi ndi mbali inayo. N'zatsopano." Anatembenukira kwa ophunzira, ndipo chimwemwe cha uphunzitsi chinamupambana. "Odwala otere sapezekapezeka. Mbali yodwala yachira, yabwino yadwala. Bwerani mmodzimmodzi, mudzionere nokha."

Anabweradi mmodzimmodzi, aliyense n'kugwedeza chala chake m'dziko limene bamboyo sankaliona. Wina mpaka anathokoza.

"Nanga kalata ija, adokotala?" Mawu anatuluka aang'ono. "Ndikupemphani, anthu akuidikira."

"Kalata ndikulemberani, koma yoti mukajambulidwe mutu lero lomwe. Chiwongolero musachikhudzenso, ngakhale cha njinga. Mudzapha mwana wa eni ake osamuona n'komwe."

Chidindo chinagwa, pha! Fabiano ndiye anayamikiridwa pamaso pa anzake.

Bamboyo anatuluka kabuku kali m'manja, natsamira khoma pafupi ndi chitseko. Foni inali ikunjenjemera m'thumba kwa nthawi yaitali. Anaitulutsa n'kuiika kukhutu.

"Zatheka?"

"Zakanika, achimwene."

"Zakanika bwanji?" anakuwa Wahab ali pampando wake ku Naperi. "Iwe Sidiki, ndakutuma ndi kabuku kanga chifukwa wabwinobwino m'banja muno ndiwe!"

Sidiki anabweza foni m'thumba. Kunja kwa geti minibasi imene amayendetsa inali ikumudikira, itadzaza kale anthu opita ku Limbe.